Bwana ndi Wachiwiri Wake wa Mpunga

Lolemba, 3 Malichi

Chigamulo chatuluka lero masana, ndipo ndaluza.

Apongozi akuti Lamlungu likubwerali akubwerera kwawo, koma sakupita okha. Akutenga mkazi wanga ndi mwana, akakhale nawo kutsidya lina la tauni mpaka mwanayo atayamba kuyenda. Ine ndizikawaona Loweruka, mabasi awiri kupita, awiri kubwera.

Nkhani yake ndi iyi. Tchuthi cha mkazi wanga chatha, Lolemba likudzali akuyambanso ntchito kufamase kogulitsa mankhwala, shifiti ya masana. Ine kusukulu ndimaweruka 1 koloko. Ndiye tinapangana kalekale kuti m'mawa mwana azikhala ndi mayi ake, masana azikhala ndi ine. Zonse zinali bwino mpaka apongozi atabwera kudzatithandiza, n'kuona mmene ndimagonekera mwana.

Bwana (ndi mmene timamutchulira mwanayu, poti akangolankhula tonse timathamanga) sadana nane ayi. Ndikamunyamula amagona paphewa panga osavuta. Vuto lili pomutsitsa. Msana wake ukangokhudza matiresi, maso tong'o, kenako kulira kofika kumsewu. Lero ndayesa kanayi, kanayi konse chimodzimodzi.

Apongozi anakhala namwino wa ana zaka makumi atatu, ndiye sakuwa. Anangoima pakhomo manja kumbuyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana saikidwa ngati thumba la simenti." Kenako anayamba kuwerenga milandu yanga: makapu awiri opanda zigwiriro, chitseko cha kubafa chimene chikulendewera, chivundikiro cha ketulo. Akuti ngakhale supuni ndimaiika patebulo ngati ndakwiya nayo.

Ndinafunsa ngati pali apilo. Akuti ndikangomugoneka Bwana pabedi lake kamodzi kokha, iwo akuona, ndituluke m'chipinda iye osadzuka, nkhani yatha. Ndili ndi mpaka Lamlungu masana.

Mkazi wanga anangopitiriza kupinda matewera. Zimenezo zandiwawa kuposa za simenti zija.

Chochititsa manyazi n'chakuti ine ndine mphunzitsi wa fizikisi, ndipo sabata ino ndikuphunzitsa za momentamu ndi impalusi. Mwachidule, kaimitsidwe ka zinthu zoyenda.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndalipeza yankho. Ndinalipeza ndili pabolodi, ana akukopera.

Ndinali ndikulemba zomwe ndimalemba chaka ndi chaka. Momentamu ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Kuti chinthu choyenda chiime, momentamu yonseyo iyenera kuchoka, ndipo chimene chimaichotsa ndi impalusi, ndiye kuti mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi imene mphamvuyo yagwira ntchito. Njira zilipo ziwiri basi: mphamvu yaikulu kanthawi kochepa, kapena mphamvu yochepa nthawi yaitali. N'chifukwa chake munthu akalumpha pakhonde amapinda mawondo, kuti kuimako kutenge nthawi. Ndikulemba mawu akuti "nthawi" choko chinathyoka, chachitatu lero. Ana anaseka. Ndikudziwa kuti kumbali amanditchula a Phwanyaphwanya.

Ndinawapatsa ntchito, ine n'kukhala pansi kuwerengetsa zanga kuseri kwa kaundula. Bwana amalemera makilogalamu asanu. Ndikamamutsitsa, tinene kuti amayenda 0.4 mita pa sekondi. Momentamu yake ndi 2. Matiresi ake olimba aja amamuimitsa mwina pa 0.1 sekondi, ndiye msana wake umalandira mphamvu yoonjezera ya manyutoni 20, ngati kumusanjika njerwa mwadzidzidzi. Koma atati aime pa masekondi awiri, ndi nyutoni imodzi yokha, kulemera kwa tomato mmodzi. Ndani angadzuke chifukwa cha tomato?

Ndiye vuto si ine, ndi matiresi. Nditafika kunyumba ndinasonkhanitsa mapilo onse, anayi athu ndi awiri a pasofa, bulangeti lopinda kanayi pamwamba pake. Bedi la Bwana linaoneka ngati la mwana wa mfumu. Ndinaitana Apo. (ndiziwalemba choncho, inki ingandithere) kuti adzaone sayansi.

Anamvetsera zonse, mpaka za tomato. Kenako anayamba kuchotsa mapilo limodzilimodzi, akundipatsira m'manja. Akuti khanda la miyezi itatu siligona pa zofewa, likatembenuza nkhope lingabanike, ndipo matiresi ake anawapanga olimba dala. Mkazi wanga akuti n'zoona, kuchipatala anatiuza tonse awiri, ine ndinali ndikusewera ndi sikelo.

Unamwino 1, fizikisi 0.

Lachitatu, 5 Malichi

Lero zinthu zaipa, ndipo ndaziipitsa ndine.

Popeza matiresi sangasinthe, ndinaganiza zochepetsa liwiro. Koma sindingamayesere pa munthu wamoyo, ndiye ndinatenga thumba la mpunga la makilogalamu asanu kukhitchini, ndinaliveka kamalaya ka Bwana kabuluu kaja ndi kachipewa kake, n'kulimangirira makiyi a kulabu ya sayansi ya kusukulu pamimba. Makiyi akalira, ndiye kuti mwana wadzuka. Ndamutcha Wachiwiri kwa Bwana, mwachidule Wachiwiri.

Ndinamutsitsa ndi manja kakhumi. Makiyi analira kakhumi. Manja angawa sadziwa kutsika, amangodziwa kufika.

Ndiye ndinati manja achoke m'nkhaniyi, makina agwire ntchito. Ndinali nditabwereka kagudumu kokwezera zinthu kulabu. Ndinakakoleka pa mbedza ya neti ya udzudzu kudenga, chingwe choyanikira zovala n'kudutsitsa pamenepo, kumapeto kwake beseni losambitsira mwana. Cholinga: mwana agone m'beseni, ine ndizimasula chingwe pang'onopang'ono mpaka afike pabedi. Mmene ndikanamutulutsira m'besenimo sindinaganizepo, ndikuona tsopano.

Ulendo woyamba zinayenda bwino kwambiri, makiyi zii. Ulendo wachiwiri mbedza inazuka ndi chidutswa cha denga. Beseni linamenya m'mphepete mwa bedi, Wachiwiri anagwa pansi phi, n'kuphulika. Mpunga mbwee chipinda chonse.

Apo. analowa akuthamanga. Chimene anaona ndi kamalaya ka mdzukulu wawo kali pansi chafufumimba, kachipewa kali uko, beseni likuzungulirabe. Mawu amene anatulutsa sindikufuna kudzawamvanso. Anagwada n'kukatembenuza, n'kupeza mpunga. Bwana weniweni nthawi yonseyi anali kuchipinda china akuyamwa, osadziwa kanthu.

Pamenepo ndinayenera kupepesa. Koma manyazi anali atandikwera mpaka m'makutu, ndipo atandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ndinayankha mokweza kuti, "Mayi, mwanayu ndi wanga, ndipo sapita kulikonse."

Anadzuka, anasasa mpunga m'mawondo, anakatsitsa sutikesi yawo pamwamba pa kabati n'kuyamba kulongedza zovala za Bwana. Lachitatu. Kulongedza za Lamlungu.

Mphamvu yaikulu, kanthawi kochepa. Ndimaphunzitsa ndekha zotsatira zake.

Lachinayi, 6 Malichi

Mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo, wina uli ndi tizidutswa ta denga. Palibe akundilankhula.

Lachisanu, 7 Malichi

M'mawa ndikutsegula chikwama kusukulu kuti nditulutse makope, ndinapezamo Wachiwiri. Wosokedwa bwinobwino ndi ulusi wofiira, wovala kamalaya kake, makiyi pamimba. M'malo mwa mpunga umene tinadya dzulo aikamo nyemba, sikelo ya kulabu ikuti makilogalamu asanu ndendende. M'kachipewa munali kapepala, zilembo za mkazi wanga: "Sindikufuna kupita. Koma sindingagwire ntchito mtima uli m'mwamba. Yesetsani."

Ndinakhala kaye pansi. Kenako ndinayamba kuyeserera patebulo la kulabu, ndikuimba kanyimbo kamene ndimamuimbira Bwana. Ahedi anasuzumira pakhomo, anandiyang'ana, anayang'ana thumba lovala chipewa, n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino. Akuti ndikafuna tchuthi cha masiku awiri ndisachite manyazi.

Pobwerera ndinadutsa pamene akumanga sitolo pafupi ndi siteji ya basi. Lole inali itabweretsa njerwa. Munthu mmodzi pamwamba pa lole akuponya, wina pansi akuwakha n'kumasanja, bambo wachikulire wa chipewa chaudzu, wopanda magolovesi, akuimba mluzu. Ndakhala ndikudutsa pamenepo miyezi iwiri osayang'ana. Lero ndinaima. Njerwa imabwera ndi liwiro, koma m'manja mwawo imafika mwakachetechete. Manja amapita kukakumana nayo, n'kubwerera nayo limodzi mpaka kumbuyo kwa ntchafu, mawondo akupindika.

Mphunzitsi ndi mphunzitsi. Ndinawayandikira n'kuwauza kuti zimene akuchitazo ndi impalusi, akutalikitsa nthawi kuti mphamvu ichepe. Anati chabwino, zikomo powadziwitsa, ndipo popeza ndikuzidziwa chonchi ndiime pamalo pawo iwo akamwe madzi.

Njerwa yoyamba ndinaidikira manja ali gwa. Inandiwawa mpaka m'mano. Yachiwiri inapyola m'manja n'kundipeza pachifuwa. Wa pamwamba pa lole uja anachita kukhala pansi ndi kuseka.

Amisiri a chipewa aja sanaseke. Anati, "Inu mukulimbana nayo. Njerwa saigwira, amaichingamira, n'kupita nayo kumene ikupita. Ikafika, musaithawe msanga."

Anaona kamkono ka malaya a Wachiwiri katatulukira m'chikwama, ndiye ndinawafotokozera zonse, za Lamlungu zomwe. Akuti iwo ali ndi ana asanu ndipo onsewo ankawagoneka ndi iwo, poti akazi awo anali ndi dzanja ngati langali. Anapukuta manja pa buluku, ananyamula Wachiwiri n'kumukhazika paphewa, anamusisita pamsana ngati munthu, n'kumugoneka mu wilibala. Sanatsitse manja ayi. Anatsika iwo, thupi lonse, chifuwa chili chigundire pa thumba mpaka pansi. Matako a thumba anayamba kufika, mutu pomaliza. Atafika anakhalabe chiweramire, kenako anasolola dzanja limodzi, patapita nthawi linalo. Makiyi sananene kanthu.

Ndinawakha njerwa ola lathunthu. Chakumapeto zinayamba kufika osawawa. Kapitao wawo anandifunsa ngati ndikufuna ganyu mawa.

Kunyumba Apo. anayang'ana zala zanga zosupuka, anakatenga mankhwala ndi bandeji n'kundimanga osafunsa funso. Ndinapepesa za Lachitatu. Anati ndisagwedeze dzanja.

Loweruka, 8 Malichi

Wachiwiri, m'mawa wonse: kutsitsa 30, makiyi chete 19. Khumi zomaliza zonse chete. Ntchafu zikuwawa ngati ndakwera phiri.

Itakwana 2 koloko Bwana anagona paphewa panga, ndipo ndinauza Apo. kuti ndakonzeka. Anabwera n'kuima pakhomo, manja kumbuyo. Mkazi wanga kumbuyo kwawo, ataluma chala.

Ndinatsika naye monga anandionetsera amisiri. Matako, msana, mutu. Ndinakhala chiweramire, ndinasolola dzanja lamanzere, kenako lamanja. Bwana anangotafuna kukamwa n'kupitiriza tulo. Wagona! Pabedi lake, woikidwa ndi ine!

Ndinayenda chobwerera m'mbuyo monyang'ama, azimayi anandipatsa njira, ndinatuluka. Chimwemwe chinali chitandidzaza mpaka ndinaiwala kuti ndine ndani. Ndinakoka chitseko monga ndimakokera masiku onse.

Chithunzi cha ukwati wathu chinagwa pakhoma. Za Bwana sindilemba, anamva ndi a nyumba yachitatu.

Apo. anangoti, "Tinati mutuluke iye osadzuka," n'kulowa kukamutenga. Kuthamanga sikufika, ndaona lero.

Madzulo tikutsuka mbale ndinayamba kudandaula kwa mkazi wanga kuti mayi ake akungofuna kundilanda banja, ngakhale nditatsitsa mwana ndi angelo adzapezabe chifukwa. Anatseka mpopi. Akuti kodi ndikudziwa kuti chimwalirireni bambo ake chaka chatha, mayi amakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi, ndipo amayankhana ndi wailesi? Akuti Bwana asanabadwe n'komwe anapaka utoto wachikasu chipinda chimodzi, okha, atakwera pa mpando. Anagula kabedi, anasoka makatani. Miyezi itatu imene akhala kunoyi ndi yoyamba kudya ndi anthu patebulo.

Sindinkadziwa. Kapena ndinauzidwa ndikusewera ndi sikelo.

Komabe mwana wanga ndikumufuna pano. Ndikufuna ndizimupeza ndikaweruka, azindilavulira mkaka pa malaya a kuntchito. Ndadzoza mafuta ophikira m'mahinjesi a chitseko, ndipo ndachitsegula ndi kuchitseka ka 20. Mkazi wanga akuti ndikapitiriza chitha.

Lamlungu, 9 Malichi

Sutikesi inali pakhomo kuyambira m'mawa, chikwama cha mkazi wanga pambali pake, beseni pamwamba. Basi yawo ndi ya 4 koloko.

Bwana, ngati akudziwa, anakana kugona. 1 koloko akuseka. 2 koloko akundikoka mphuno. Ndinazungulira naye pabalaza mpaka kanyimbo kanga kanatha mawu, ndinayamba kumuimbira malamulo a kayendedwe ka zinthu, onse atatu. Anagona pa lachiwiri. Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

Apo. anaima pamalo pawo, ulendo uno atagwira wotchi yawo ya unamwino.

Ndinatsika. Sindinatsikepo pang'onopang'ono chonchi chibadwire. Chifuwa changa pa chifuwa chake, mpweya wake ukundiotcha pakhosi. Pakati pa ulendo bondo linalira, ndinaima pomwepo osakwera osatsika, mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera. Ntchentche inatera pa khutu langa, ndinaisiya ichite zofuna zake. Matako. Msana. Mutu. Ndinakhala chiweramire, ndikuwerenga mpweya wake mpaka makumi awiri. Dzanja loyamba linatuluka. Pa lachiwiri anandigwira chala cha bandeji, ndipo ndinadikira mpaka anachisiya yekha.

Chitseko ndinachigwira ndi manja awiri, ndinapita nacho mpaka pa felemu, chigwiriro ndinachibweza ndekha osachilola kudumpha. Mkazi wanga akuti kutseka kokhako kunatenga mphindi yathunthu.

Tinaima atatu m'khonde la m'nyumba, Apo. khutu pachitseko, maso pa wotchi. Mphindi zisanu. Khumi. M'chipinda muli zii. Mkazi wanga anandigwira dzanja n'kulifinya pa zilonda penipeni, ndinapirira.

Apo. anaika wotchi m'thumba. Anapita pa sutikesi, anagwada, anaitsegula n'kuyamba kutulutsa za Bwana. Timalaya, timasokosi, tizipewa. Chilichonse amachitambasula n'kuchipindanso, chikhalirecho chinali chopindapinda kale. Atamaliza, m'sutikesi yonse ija munatsala madiresi atatu, thaulo ndi nsapato za m'nyumba. Anaitseka msangamsanga, anaimirira, anati basi ingawasiye, tisavutike kuwaperekeza, mwana angadzuke tili kunja. Nkhope anali atalozetsa kukhoma.

Ndapambana, koma sizinandikomere. Munthu wabwera ndi liwiro lonse lija, chipinda chachikasu, kabedi, makatani, ndiye aime lero lomwe pa 0.1 sekondi.

Ndinati, "Mayi, kulabu chinthu chikatheka kamodzi sitikhulupirira. Mwina zinali zamwayi. Bwanji mukhale sabata ino muone ngati ndibwereze? Ikatha, muzibwera Lachitatu lililonse kudzayendera ntchito, ndipo Loweruka Bwana azikagona masana kwanu. Ndamva kuti kuli bedi."

Anakhala chiimire, sutikesi ili m'manja. Anayang'ana mkazi wanga, mkazi wanga anayang'ana kudenga.

"Inde," anatero. "N'kutheka zinali zamwayi. Bondo lija linalira."

Ndipo anaisiya sutikesi. Sanaitsitse, anangoisiya. Inagwa pa simenti phi, beseni linagubuduka pamwamba pa chikwama n'kuyamba kuzungulira pansi, likulira ngati belu la kusukulu. Tonse tinangoti kakasi. M'chipinda muja Bwana anakoka mpweya, n'kuyamba.

Namwino wa zaka makumi atatu anagwira pakamwa. Phazi lawo linali litayamba kale kulowera kuchitseko, koma analibweza. Anatola beseni n'kulikumbatira.

"Aphunzitsi," anatero, "mwana wanu akukuitanani."